Mwana, Mchenga ndi Mpanda wa Hotela

Dzuŵa la mwezi wa Okutobala likayamba kuswa mtengo, mitima ya anthu a m'mizinda imatembenukira kunyanja. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndiponso pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, mseu wochoka ku Lilongwe kutsikira ku Salima umadzaza ndi magalimoto, chimodzimodzinso uja wochoka ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde mpaka ku Mangochi. M'magalimoto ambiri mwa ameneŵa mumakhala mabanja, ndipo pamiyendo pa mai kapena pampando wa kumbuyo pamakhala kamwana ka zaka ziŵiri, zitatu kapena zinai, kamene madzi ochuluka kadangoŵaonera m'bafa basi. Kale banja la Chimalaŵi logona pa hotela ya kugombe linali lochita kuloza ndi chala. Masiku ano si chachilendonso, ngakhale kuti okwanitsa ndi ochepabe, poti pa mahotela ena mtengo wa chipinda usiku umodzi umaposa malipiro a mwezi wathunthu a mlonda amene amatsekula chipata.

Alipo anthu, makamaka achikulire, amene amati ulendo wotere nkuponya ndalama m'madzi. Iwo amati: "Mwana wa zaka zitatu adziŵa chiyani? Akadzakula sadzakumbuka ngakhale dzina la malowo. Bwanji osagula thumba la feteleza, kapena kusunga ndalamazo kuti zidzathandize pa sukulu?" Mau ameneŵa si opusa, ndipo banja lililonse liyenera kuŵalingalira lisanamange katundu. Banja lokatenga katapila kuti likajambulitse zithunzi pamchenga lasokera ndithu, ndipo nkhani ino sikulikhalira kumbuyo. Koma pa mfundo ya kukumbuka, achikulirewo aphonya. Nzoona kuti munthu sakumbuka zambiri za zaka zake zitatu zoyamba. Komatu kuiŵala tsiku sindiko kusaphunzira. Ndani amakumbuka tsiku limene adaphunzira kulandira chinthu ndi manja aŵiri, kapena kugwada polankhula ndi agogo? Tsikulo lidaiŵalika, koma mwambowo udaloŵa m'mafupa. M'mera mpoyamba. Tsono chofunika kufunsa nchakuti mwanayo akuphunzira chiyani pa masiku atatu amenewo. Ndipo pa hotela ya kugombe aphunzitsi ake alipo aŵiri: wina ndi nyanja, wina ndi mpanda.

Mphunzitsi woyambayo ngwaulemu wake. Nyanja ya Malaŵi njotalika makilomita pafupifupi 580, ndipo cha kumpoto kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700. Mwa nyanja zonse za mu Africa, zoiposa kukula ndi Victoria ndi Tanganyika zokha. Koma kamwana sikadziŵa za manambala. Chimene kamaona nchakuti dziko lathera pamenepo, ndipo kutsogolo kwatsala madzi okhaokha, oyenda okha, obwera nkubwereranso, opuma ngati chamoyo. Ana ambiri akafika pagombe koyamba amangoti chilili, kenaka nkukakamira chitenje cha amai ao.

Pamenepa mpamene abambo ambiri amalakwa. Poti alipira ndalama zochuluka, amafuna kuona phindu lake tsiku lomwelo. Bambo amanyamula mwana akulira, naloŵa naye m'mafunde mpaka m'chifuŵa, uku mai ataimika foni kuti ajambule. Chithunzicho chimakongola, inde, koma chimene mwanayo waphunzira nchakuti madzi ndi malo amene munthu amaponyedwamo ndi yemwe amamkhulupirira. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana akapanda kukakamizidwa, m'maŵa woyamba amangokumba mchenga patali ndi madzi. Madzulo ake amalola kuti funde limnyambite zala za kumapazi, nathaŵa akuseka. Pofika tsiku lachiŵiri amakhala pansi m'madzi ofika m'chiuno, ndipo kumtulutsamo imakhala nkhondo. Kakapu ka pulasitiki, chigoba cha nkhono ndi kamtengo zimamkwanira mmaŵa wonse. Amathira madzi padzenje, madziwo nkuzimirira, amathiranso, nkuzimiriranso, amayang'ana bambo wake modabwa. Palibe sukulu ya mkaka imene ingamphunzitse zimenezi ndi choko.

Nchifukwa chake tchuthi chotere chiyenera kuyendera nthaŵi ya mwana. M'chilimwe mchenga wa ku Senga Bay kapena wa ku Mangochi umatentha ngati chiŵaya dzuŵa likakwera, ndipo mapazi a mwana ngofeŵa. Nthaŵi ya masana njogona pamthunzi ndi kumwa madzi. Banja lofuna kukwera boti mmaŵa, kukagula ziboliboli masana, ndi kukavina usiku, limabwerera kwao ndi mwana wolira ndiponso makolo okangana.

Apa nkoyenera kupatuka pang'ono. Mabanja ambiri amatenga mtsikana wantchito pa ulendowu kuti makolo apumule bwino. Palibe choipa pamenepo malinga mtsikanayo aŵerengedwe ngati munthu. Koma kaŵirikaŵiri chooneka nchakuti bambo ali ku bala, mai ali pa foni, ndipo mtsikana uja, amene mwina naye nyanja akuiona koyamba ndipo kusambira sadziŵa, ndiye wasenzetsedwa moyo wa mwana pamphepete pa madzi kuyambira mmaŵa mpaka madzulo. Nthaŵi ya chakudya iye amadikira panja. Mwanayo akuona zonsezi, ndipo zikuloŵa.

Mphunzitsi wachiŵiri, mpanda uja, ali ndi mbiri imene makolo ayenera kuidziŵa. Anyanja, Ayao, Atonga ndi Ankhonde akhala akusamba, kuchapa ndi kuŵedza m'nyanjayi kwa mibadwo yambiri, koma nzeru yakuti munthu alipire ndalama kuti akagone pamchenga osagwira ntchito iliyonse idabwera ndi Azungu. David Livingstone adafika panyanjayi mu 1859, ndipo malo amene lero pali mudzi wa Chembe adaŵatcha Cape Maclear, polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. Amishoni a Livingstonia adamanga pomwepo mu 1875, koma malungo adaŵatha mphamvu, nasamukira ku Bandawe mu 1881, kusiya manda a anzao m'munsi mwa phiri. Njanji itafika ku Salima mu 1935, Azungu a ku Blantyre ndi Limbe adapeza njira yapafupi yokapumulira kugombe. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, poyenda pakati pa England ndi South Africa, zinkatera ku Cape Maclear, ndipo alendo ake ankagona pa hotela imene inali pamenepo. Ngakhale ufulu utabwera mu 1964, gombe la hotela lidakhalabe ngati dziko lina. Lamulo la kavalidwe la 1973, limene linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi oonetsa maondo mpaka pamene lidathetsedwa mu 1993, silinkagwira ntchito pa malo opumulirako alendo kugombe. Mkati mwa mpanda munali lamulo lina, kunja lina.

Tsono banja la Chimalaŵi likamaloŵa pachipata lero, limalandira choloŵa cha zinthu ziŵiri: mpando wa pansi pa ambulera, ndi mpanda umene udamangidwa kuti anthu ofanana ndi agogo ao akhale kunja. Mpandowo aulandire ndi manja aŵiri, pakuti nyanjayo njao ndipo palibe chochititsa manyazi pa kupumula. Za mpandazo mpofunika kuganiza.

Mwana wamng'ono sachedwa kuuona. Kutsidya kwake kumakhala ana ena, amsinkhu wake ndi okulirapo, akudumphira m'madzi kuchokera pa bwato, akusambira ngati nsomba, akufuula ndi kuseka. Kwa mwana wa zaka zitatu, amenewo ndiwo chinthu chokongola koposa pagombe lonselo, kuposa dziŵe losambiramo la matailosi obiriŵira, kuposa ayisikirimu. Amayamba kuyenda kuloŵera komweko. Anawo nawonso amayandikira, kufikira mlonda atatukula ndodo, iwo nkubalalika. Pamenepo mwana amacheuka nafunsa: "Ababa, bwanji anzanga aja sakubwera kuno?"

Yankho la funso limeneli ndilo phunziro lalikulu la tchuthi chonse, ndipo kaŵirikaŵiri limaperekedwa mosaganizira, kholo maso ali pa nyuzipepala. Wina amati, "Aja ndi akuba." Wina amati, "Ali ndi matenda, usaŵayandikire." Wina, woona mtima pang'ono, amati, "Alibe ndalama." Mayankho onse atatuŵa mwana amaŵameza osatafuna. Woyambawo umamphunzitsa kuti wosauka ndi mbala. Wachiŵiri kuti ndi nyansi. Wachitatu kuti nyanja nja amene walipira. Mwana ameneyu ndiye adzakhale mlembi wa mu unduna, loya, mkulu wa za malo, kapena mwini hotela maŵa. Pa tsiku limene adzafunike kusaina chikalata chopereka gombe la mudzi wina kwa munthu wachuma, sadzakumbuka mlonda uja ndi ndodo yake, koma dzanja lake silidzanjenjemera.

Mpanda paokha ulibe mlandu, ndipo nkulakwa kunena ngati kuti eni mahotela ndi adani a anthu. Hotela imalemba ntchito ophika, operekera zakudya, ochapa ndi alonda a m'midzi yomweyo. Imagula nsomba, tomato ndi mazira. Imabweretsa ndalama zakunja zimene dziko limazisoŵa kwambiri. Mlendo amene walipira ayenera kugona mwamtendere, katundu wake ali wosungika. Vuto limabuka pamene mipanda yandanda, wina kutha wina kuyamba, mpaka kutsikira m'madzi mwenimweni, monga zimaonekera m'madera ena a ku Senga Bay ndi pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, kumene mahotela ndi nyumba zopumuliramo za anthu ndi makampani zidatenga magombe ambiri abwino. Pamenepo mai wa m'mudzi amayenda mtunda ndi ndowa pamutu kufuna kanjira kofikira kumadzi amene amaŵaona ali pakhomo pake, ndipo msodzi amasoŵa pokocheza bwato. Kholo limodzi silingagwetse mipanda imeneyi pa masiku atatu a tchuthi. Chimene lingathe nkusankha mau, ndiponso kutulutsa mwana pachipata.

Yankho loona lilipo, ndipo mwana wa zaka zitatu angalimve: "Anzako aja kwao nkonkuno, nyanjayi amaidziŵa kuposa ife. Ife ndife alendo. Maŵa mmamaŵa tidzapita kukaŵaona."

Ndipo apitedi. Kunja kusanatenthe, bambo amnyamule mwana paphewa, mai atenge kabeseni, atuluke pachipata nayende mphindi zochepa kufikira pa doko la asodzi. Usiku wapitawo mwanayo adaona timiuni tambirimbiri pakati pa nyanja ngati mudzi woyandama, ndipo akuti nyali zoterezi ndizo zidapatsa nyanjayi dzina lakuti nyanja ya nyenyezi. Tsopano aone kumene timiunito tidachokera: anyamata otopa, onyoŵa, amene agwira usiku wonse ndi khoka la chilimira, akukopa usipa ndi kuŵala kwa nyali. Aone amai akuyanika usipawo pa thandala, ukunyezimira ngati ndalama zasiliva. Aone mkulu wina akusoka ukonde, chala cha kuphazi chitakoka chingwe. Akhudze bwato losemedwa ku mtengo umodzi, anyamule nkhafi aone kulemera kwake. Amve maina: uyu ndi utaka, uyu mcheni, wa ndevu uyu kampango, uyu ndiye chambo chimene adadya dzulo pa mbale yoyera ndi chipisi. Mwana wa mumzinda amayesa kuti nsomba imachokera mufiriji. Pano aphunzire kuti imachokera m'manja mwa munthu wokhala ndi dzina ndi ana.

Pa doko pomwepo pali zambiri zoti makolo eni ake aphunzire. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, mazanamazana, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Nchifukwa chake boma lidakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaŵaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Ku Cape Maclear mwana angathe kuona mbuna, tinsomba ta mitundu ya buluu ndi yachikasu, tikuseŵera pakati pa miyala m'madzi oyera, iye ali m'manja mwa bambo wake. Angamvenso kulira kwa nkhwazi, mbalame imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lino. Koma msodzi wachikulire akafunsidwa za chambo amapukusa mutu. Chidachepa kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha kuchuluka kwa asodzi ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, kuphatikizapo masikito amene adaperekedwa kuti ateteze ana ku udzudzu. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaika chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Komabe si ponse pamene zinthu zidaonongeka. Pa chilumba cha Mbenji, ku Salima komweko, Mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi chaka ndi chaka kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, mwambo umene udayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo moŵa ndi juga nzoletsedwa pachilumbapo. Anthu amene mwana uja adauzidwa kuti ndi akuba ndiwo adasunga nsomba ndi lamulo lao, boma lisanaŵaphunzitse.

Komatu doko si malo oonerako nyama. Kholo limene limatuluka pachipata nkuyamba kujambula amai akusamba kapena ana amaliseche osapempha, kapena kuponya masiwiti pamchenga kuti ana alimbirane uku mwana wake akuonerera, laonjeza mpanda wachiŵiri pamwamba pa woyamba. Bola likadangokhala pansi pa ambulera. Mlendo amayamba ndi moni. Bambo anene, "Mwadzuka bwanji, bambo? Nanga kunyanja kunali bwanji usiku?" ndipo ngati kuli kwa Ayao, mau aŵiri akuti "Ajimwiche uli?" amatsekula nkhope zambiri. Mwana aone atate ake akupatsa ulemu munthu wa malaya ong'ambika. Mai akamagula usipa anenerere monga amachitira pa msika uliwonse, koma asafinye mnzake mpaka kumsiya opanda phindu, chonsecho dzulo lake adalipira botolo la zakumwa kuŵirikiza katatu mtengo wake osadandaula. Zikatero ana safuna mkhalapakati. Pasanathe mphindi zisanu amakhala atagwada pamodzi akukumba dzenje limodzi, wina akulankhula Chiyao, wina Chicheŵa chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo akumvana bwino lomwe. Mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi.

Mai wina wosamala adzati: "Zonsezi nzabwino, koma kunja kwa mpanda kuli ngozi ndi matenda; ndidalipira hotela kuti mwana wanga akhale wotetezeka." Nkhaŵa yake njoyenera, ndipo ngozizo zilipodi. Cholakwika nkuganiza kuti zimaima pachipata kudikira chilolezo cha mlonda. Madzi a mbali ino ya mpanda ndi omwewo a mbali inayo, ndipo chimene chimapha ana ambiri a alendo ndi mtima uja wakuti poti talipira, wina akuyang'anira.

Ngozi yoyamba ndi kumira. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti ana a chaka chimodzi mpaka zinai ndiwo amamira kwambiri kuposa amsinkhu wina uliwonse. Anthu amaganiza kuti womira amakuwa ndi kutukula manja monga m'mafilimu. Mwana wamng'ono samatero. Amagwa chafufumimba m'madzi osafika nkomwe m'maondo a munthu wamkulu, nalephera kudzuka, popanda phokoso lililonse, pa nthaŵi yongokwanira kuyankha uthenga umodzi pa foni. Zimachitika kaŵirikaŵiri pamene akuluakulu ali ambiri, poti aliyense amayesa kuti mnzake akuona. Lamulo lake ndi limodzi: pa nthaŵi iliyonse pakhale munthu wamkulu mmodzi wodziŵika, wosamwa moŵa, amene ali pafupi moti atatambasula dzanja angamgwire mwanayo, akafuna kuchoka, atchule dzina la womloŵa m'malo, ndipo winayo avomere. Dziŵe la matailosi lija nalonso limamiza. Machubu opopa ndi timabwato ta pulasitiki nzoseŵeretsa chabe, ndipo mphepo ikatembenuka zimatengedwa kupita pakati pa nyanja mwana ali momwemo.

Mphepo ya panyanjayi si yoseŵera nayo. Mwera, umene umaomba kuchokera kumwera makamaka kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, umasandutsa madzi odekha kukhala mapiri pa kanthaŵi kochepa. Mu Julayi 1946 sitima ya Vipya idamira pa namondwe cha kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 adatha. Ngati chitsulo chotere chidagonja, nanji kaboti kodzaza alendo kopanda majekete oyandamitsa? Kholo lisakweze mwana m'boti lopanda jekete ya msinkhu wake, ngakhale mwini boti alumbire. Ndipo amene angauze mlendo kuti lero madziŵa asintha masana, kapena kuti pa mabango apo pamatuluka ng'ona, kapena kuti mvuu imadutsa pamathiriro a mtsinje uwo kukamada, si kalaliki wa pa ofesi yolandirira alendo, amene mwina naye adachokera ku Lilongwe mwezi watha. Ndi msodzi yemwe uja wa kunja kwa mpanda. Safunsa adadya phula.

Ngozi yachiŵiri siioneka ndi maso, ndipo njofunika kuifotokoza bwino chifukwa ambiri amaimva theka. Likodzo limayamba ndi tizilombo timene mazira ake amatuluka ndi mkodzo wa munthu wodwala. Akagwera m'madzi amaswa, tianato nkuloŵa mu nkhono zina zing'onozing'ono. M'menemo timachulukana, kenaka timatuluka nkuboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo. Munthu sachita kumwa madziwo kuti adwale. Kuponda kokha nkokwanira. Kale ankati malo oopsa ndi a mabango ndi madzi odikha okha, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980 matendaŵa adachuluka ngakhale pa magombe a mchenga woyera a ku Chembe, ndipo akatswiri adapeza kuti chimodzi mwa zifukwa zake nkuchepa kwa nsomba zimene zimadya nkhonozo. Taonani m'mene zinthu zilumikizirana: ukonde wa maso ang'ono umene udatha nsomba ndiwo udachulukitsa nkhono, ndipo nkhonoyo siŵerenga chikwangwani cha hotela. Ngakhale madzi a m'bafa la m'chipinda, ngati adangopopedwa m'nyanja osathiridwa mankhwala, osatenthetsedwa, kapena osasungidwa masiku aŵiri, angathe kukhala nato. Kufunsa za zimenezi pofika si mwano. Mankhwala ake, praziquantel, alipo ndipo amachiza, koma amapha tizilombo tokhwima, kotero kuti kumwa tsiku lochoka kunyanja, monga amachitira alendo ena, nkungodzinamiza. Mwana wa m'mudzi uja amakumana ndi nkhonozi tsiku ndi tsiku chifukwa alibe mpopi, ndipo m'madera ena magazi a mumkodzo wa mnyamata ankayesedwa chizindikiro cha kukula. Iye si mwini matendawo. Ndi woyamba kuvutika nawo.

Za malungo nzodziŵika kwa kholo lililonse, kungoti kugombe udzudzu sutha chaka chonse. Mwana agone m'masikito, ndipo mai aunike ngati mulibe zibowo asanazime nyali. Malaŵi ndilo dziko loyamba limene lidayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, mu Epulo 2019, koma katemerayo amangochepetsa ngozi, saloŵa m'malo mwa masikito. Madzi akumwa akhale oŵiritsa kapena a m'botolo lotseka, ndipo m'manja musambidwe ndi sopo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, idakantha kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja.

Nyanjayo payokha idaonetsa mu 2024 kuti mipanda siidziŵa. Chaka chimenecho madzi adakwera kwambiri, monga adachitira cha m'ma 1980, naloŵa m'mahotela ndi m'nyumba zopumuliramo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Magombe amene anthu ankalipira kuti akhalepo adamira, mizati ya maambulera idangotsala mitu, ndipo makoma ena amene adamangidwa kutsikira m'madzi adagwa. Nyumba za m'midzi nazonso zidamira, ndipo eni ake analibe kwina kothaŵira monga anali nako eni nyumba za tchuthi. Madzi saiŵala khwaŵa. Banja lokonza ulendo lichita bwino kufunsiratu ngati pa malo amene likupitawo mchenga ulipo, ndi kuti madzi amayamba kuya patali bwanji, pakuti gombe limene lidakokoloka limatha kukhala ndi phompho pamene kale panali posaya.

Tsiku lobwerera, mwana amalira pochoka monga adalirira pofika. M'thumba la kabudula wake mumapezeka zigoba za nkhono ndi mchenga, ndipo m'galimoto monse mumanunkha usipa umene mai adagula pa doko paja. Ntchito ya makolo siinathe. Mwanayo akatentha thupi pa masabata aŵiri otsatira, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe malungo, osayamba ndi panado nkudikira maŵa. Ndipo pakapita masabata 6 mpaka 8, ngakhale akuoneka wathanzi ndipo mkodzo wake uli woyera, banja lonse, pamodzi ndi mtsikana wantchito uja, likaonane ndi adokotala za likodzo. Muyeso wa mankhwala a mwana wamng'ono ngwoti adokotala ndiwo aunene atamuyeza kulemera kwake. Namwino auzidwe kuti mwanayo adaloŵa m'nyanja, pa gombe liti, ndi pa masiku ati.